Mmene mungatetezere fomula ndi dzina la makemikolo anu kuno ku Joni

Ambiri mwa Amalawi amene tikuchita za makemikolo kuno ku Johannesburg tinaphunzirira pa ntchito. Wina anayamba ndi kunyamula zigubu ku fakitale ya penti ku Wadeville, wina kutsuka matanki ku Alrode kapena ku Chloorkop, mpaka dzanja linazolowera sikelo. Lero ena akusakaniza okha sopo wamadzi wotsukira mbale, pine gel, polishi wa matayala ngakhale guluu m'magalaja a ku Rosettenville ndi Turffontein, n'kumagulitsa m'ma spaza ndi m'malo otsukira magalimoto. Katundu akayamba kuyenda, nkhawa imabwera yokha: nanga wina akandikopera?

Palibe pepala limodzi lotchinga zonse. Fomula ndi kasakanizidwe kake zimatetezedwa ndi patent, chikalata cha boma choletsa ena kukopera chomwe mwatulukira, apo ayi ndi chinsinsi. Dzina limatetezedwa polembetsa chizindikiro cha malonda. Botolo ndi lebulo zilinso ndi malamulo akeake. Zolembetsa zonse zimapita ku CIPC, bungwe la boma lomwe likulu lake lili ku Pretoria, komwenso mumalembetsa kampani, ndipo zambiri zimachitikira pa intaneti. Mlendo nayenso amaloledwa, bola akhale ndi adiresi ya m'dziko muno yolandirira makalata. Chofunika kusamala ndi ndondomeko yake, chifukwa pali masitepe ena oti mukawadumpha simungawabwerere.

Choyamba: tsekani pakamwa, tsegulani kope

Lamulo la Patents Act, nambala 57 la 1978, limafuna kuti chinthu chikhale chisanadziwike kwina kulikonse padziko lapansi pa tsiku lomwe mwapereka mafomu. Silisiyanitsa kuti waulula ndi mdani kapena mwiniwake. Kavidiyo ka pa TikTok kosonyeza mukutakasa m'diramu, chithunzi cha fomula pa gulu la WhatsApp la anthu akumudzi, mabotolo amene mwagulitsa kale pa msika, zonsezi zikhoza kupha patent yanu isanabadwe. Lamulo limakhululukira kuyesa kwenikweni kofuna kuona ngati chinthu chikugwira ntchito, koma kugulitsa madiramu kwa makasitomala n'kumati mukuyesa, musadalire.

Ngati pali woti aone, kaya ndi labotale yoyeza kapena munthu amene akufuna kuikamo ndalama, asayine kaye mgwirizano wosunga chinsinsi. Musachite manyazi ngakhale ali mlamu wanu.

Ndiye gulani kope lachikuto cholimba, lembani manambala pa tsamba lililonse, ndipo musang'ambemo. Tsiku lililonse losakaniza lembani deti, zomwe mwathira, magalamu ake, chomwe chinayamba kulowa m'diramu, kutentha kwa madzi, pH musanathire caustic soda ndi mutathira, komwe munagula chilichonse. Mawa lake lembaninso zomwe mwapeza: kodi sopo walimba bwino, kapena walekana, madzi pansi zina pamwamba? Zokanikazo musazifufute. Loya wa patent amazifuna kwambiri, chifukwa ndi zimene zimasonyeza kuti mlingo wanu si wongolota, kuti mukautsitsa kapena kuukweza chinthucho chimaonongeka.

Chachiwiri: fomulayo ndi yanudi?

Apa ndi pamene abale athu ambiri amagwera m'mbuna. Munthu amati, "Achimwene, iyi ndi nzeru yanga, ndinaipeza ndekha usiku." Mukafunsa kuti, "Usiku wakewo munali pa shifiti ya ndani, nanga makemikolo anali a ndani?" amangoti zii.

Tengani kontirakiti yanu ya ntchito muiwerenge. Makampani ambiri amalembamo kuti chilichonse chomwe mwatulukira pogwira ntchito yawo ndi chawo, ndipo zimenezo khoti limavomereza. Chomwe lamulo limakana, mu gawo 59, ndi abwana kukulandani chomwe mwatulukira kunja kwa ntchito imene anakulemberani, kapena chomwe mwatulukira patapita chaka mutasiya ntchitoyo. Mfundo yotere mu kontirakiti ilibe mphamvu. Koma fomula imene munaiona pa khoma la fakitale n'kuisunga m'mutu ndi chinsinsi cha eni ake, ndipo angakusumireni ngakhale mutasintha fungo ndi mtundu.

Mukapita kukapempha thandizo la kafukufuku ku Wits, ku University of Johannesburg, kapena ku mabungwe a boma a kafukufuku monga CSIR ndi Mintek ya ku Randburg, dziwani kuti pali lamulo nambala 51 la 2008. Limati zotulukiridwa ndi ndalama za boma umwini wake umakhala wa sukulu kapena bungwelo, pokhapokha inu mutalipira mtengo wonse wa kafukufukuyo. Funsani zimenezi musanapereke sampulo.

Mnzanu amene anaika ndalama zogulira madiramu si wotulukira. Ngati mwagwirizana kugawana umwini, lembani, aliyense asayine, bwino lomwe umwiniwo ukhale m'dzina la kampani.

Chachitatu: fufuzani ngati ena sanakutsogolereni

Masamba a pa intaneti ofufuzira ma patent monga Espacenet, Patentscope ndi Google Patents ndi aulere. Musafufuze ndi mayina a m'shopu okha, chifukwa kemikolo imodzi imakhala ndi mayina ambiri. Gwiritsani ntchito nambala yake ya CAS, imene imalembedwa pa mapepala ochokera kwa okugulitsani. Caustic soda, mwachitsanzo, ndi 1310-73-2. Ma patent anaikidwanso m'magulu: zotsukira ndi sopo zili pa C11D, penti pa C09D, guluu pa C09J, feteleza pa C05, mankhwala ophera tizilombo pa A01N.

Ndinene mosabisa. Sopo wa sulphonic acid, SLES (kemikolo yopangitsa thovu), caustic soda, mchere, fungo ndi utoto si watsopano, ngakhale thovu lake litakhala lotani. Patent imafuna zinthu zitatu: chikhale chatsopano, chikhale choti katswiri wa ntchitoyo sakanangochiganiza mosavuta, komanso chigwire ntchito pa malonda, m'mafakitale kapena pa ulimi. Chachiwiricho ndiye chimagwetsa ambiri. Kuwonjezera mchere pang'ono kuti sopo alimbe aliyense amadziwa. Koma ngati makemikolo awiri odziwika, mukawaphatikiza pa mlingo winawake, akuchita zomwe palibe ankayembekezera, monga kuchotsa girisi m'madzi ozizira kuposa momwe aliyense payekha angachitire, ndipo manambala a m'kope mwanu akuchitira umboni, pamenepo pali nkhani.

Kufufuzaku kuli ndi phindu lina. Patent imene inatha zaka zake, kapena imene eni ake sanailembetse ku South Africa, mukhoza kuigwiritsa ntchito kuno mwaulere, ndipo inalembedwa mwatsatanetsatane. Mudzaonanso ma patent amoyo a makampani ena amene inuyo mungawaphwanye mosadziwa.

Chachinayi: patent kapena chinsinsi

Ichi ndiye chisankho chachikulu pa ntchito ya makemikolo, ndipo chimapangidwa kamodzi.

Patent ndi msinthano ndi boma. Inu mumaulula zonse, mokwanira kuti katswiri wina athe kupanga chinthucho powerenga, ndipo boma limakupatsani mphamvu yoletsa ena kupanga, kugulitsa kapena kulowetsa m'dziko chinthucho kwa zaka 20 kuchokera tsiku lopereka pempho lathunthu. Zikatha, fomula ndi ya aliyense. Walira mvula walira matope: mudzalipira loya, mudzalipira chaka ndi chaka, ndipo opikisana nanu adzawerenga fomula yanu ali phee mu ofesi.

Chinsinsi sichilembetsedwa ndipo sichitha, koma sichiletsa munthu amene wagula botolo lanu mwachilungamo, n'kukaliyezetsa ku labotale, kapena amene watulukira yekha zomwezo.

Ndiye dzifunseni kuti nzeru yanu ili pati. Ngati ili mu zomwe zili m'botolo, zoti makina a labotale angazitchule ndi milingo yake, chinsinsi sichikhalitsa, ganizirani patent. Ngati ili mu kapangidwe, monga chomwe chimayamba kuthiridwa, kutentha kwake, nthawi yotakasa, zomwe sizioneka m'botolo, chinsinsi chimaposa. Patent ya kapangidwe ndi yovuta kuilondera: mudzadziwa bwanji zomwe zikuchitika m'fakitale ya wina yotchingidwa ndi mpanda ku Germiston?

Chomwe ambiri sadziwa ndi ichi. Lamulo la kuno limati chinthu chomwe chagwiritsidwa ntchito mwachinsinsi pa mlingo wa malonda m'dziko muno chimawerengedwa ngati chodziwika kale. Simungadyerere chinsinsi zaka 5, n'kudzathamangira patent tsiku lomwe wantchito wanu wathawa nacho.

Maganizo anga ndi akuti osakaniza ang'onoang'ono ambiri safunika patent. Ndalama zawo zoyamba zipite ku dzina ndi ku kusunga chinsinsi. Koma kwa amene mwatulukiradi chachilendo, njira yake nayi.

Chachisanu: kulembetsa patent

Yambani ndi pempho loyembekezera, lomwe ku CIPC amati provisional. Mafomu akuluakulu ndi P1 ndi P6, ndalama yake ndi yochepa, ndipo lamulo limalola kuti mulembe nokha. Silikupatsani mphamvu yosumira munthu. Limangokusungirani deti kwa miyezi 12, ndipo kuyambira tsikulo mukhoza kuonetsa katundu wanu kwa ogula.

Msampha wake ndi wakuti detiyo imateteza zokhazo zomwe mwalemba. Mukalemba kuti kemikolo yakuti ikhale 10 peresenti basi, wina adzathira 12 n'kudutsa. Lembani malire onse amene munayesa n'kuona kuti akugwira ntchito, tinene kuyambira 5 mpaka 15 peresenti, kenako mlingo womwe uli bwino koposa. Tchulani makemikolo ena amene angalowe m'malo mwa amene mumagwiritsa ntchito. Ikanimo zitsanzo zenizeni za m'kope muja, ndi zotsatira zake poyerekeza ndi katundu amene ali kale pa msika. Ngati thumba likulola, loya alembe ngakhale pempho loyambali.

Miyezi 12 isanathe muyenera kupereka pempho lathunthu, ndipo ili ndiye lamulo limafuna kuti lisayinidwe ndi loya wa patent. Si loya aliyense. Funani amene anaphunziranso sayansi ya makemikolo. Bungwe lawo ndi SAIIPL. Kwa amene alibe ndalama, CIPC ikugwira ntchito ndi WIPO, bungwe la United Nations loona za umwini wa zotulukira, pa Inventor Assistance Program, yomwe imalumikiza otulukira osowa ndi maloya othandiza mwaulere, ngakhale ili ndi zoyenereza zake zoti muziwerenge. Ntchito yaikulu ya loya ndi kulemba ma claim, ziganizo za kumapeto zomwe zimadula malire a chomwe chili chanu. Kukhoti mlandu umazengedwa pa ziganizo zimenezo.

Pali fomu ina, P26, yomwe imaperekedwa pasanathe miyezi 6 mutapereka pempho lathunthu. Mumalumbira ngati chinthu chanu chachokera ku zomera kapena zamoyo zachilengedwe za dziko lino, kapena ku nzeru za makolo a kuno. Amene mukupanga mafuta odzola a marula, malambe, buchu kapena aloe, izi zikukukhudzani, ndipo lamulo la zachilengedwe nambala 10 la 2004 limafuna chilolezo ndi mgwirizano wogawana phindu. Boma silisewera nazo. Nkhani ya chomera cha hoodia inathera pa mgwirizano wa CSIR ndi anthu a mtundu wa San mu 2003, ndipo mu 2019 makampani a rooibos anavomera kupereka 1.5 peresenti ya mtengo wogulira kwa alimi kwa a San ndi a Khoi.

Tsopano mvetsetsani ichi. Mwambo wa CIPC wakhala woona ngati mafomu ali bwino, osati ngati chinthucho ndi chatsopanodi. Boma linavomereza ndondomeko yofuna kuyamba kufufuza mozama mu 2018, koma satifiketi ya kuno musaitenge ngati umboni woti patent yanu ndi yolimba. Munthu aliyense akhoza kupita ku khoti la Commissioner of Patents ku Pretoria kukapempha kuti ifafanizidwe, ndipo amene mwamusumira amayamba ndi zomwezo. N'chifukwa chake kufufuza kuja sikodumpha.

Pempho likavomerezedwa limalengezedwa mu Patent Journal. Kuyambira pakutha pa chaka chachitatu mumalipira chaka chilichonse kuti patent ikhalebe yamoyo. Mukachedwa pali miyezi 6 yolipira ndi chindapusa. Lembani madetiwa poonekera.

Chachisanu ndi chimodzi: katundu wopita kumudzi

Patent ya South Africa imathera pa Beitbridge. Zigubu zikakwera basi pa Park Station kupita ku Blantyre kapena Lilongwe, kumeneko zilibe chitetezo. South Africa si membala wa ARIPO, bungwe la mayiko a mu Africa lolembetsa ma patent lomwe lili ku Harare, pamene Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique ndi mamembala, ndipo pempho limodzi pansi pa Harare Protocol ya 1982 likhoza kufikira mayiko amene mwasankha. Liperekedwe mkati mwa miyezi 12 ija kuti deti yanu yoyamba iwerengedwe.

Njira ina ndi PCT, mgwirizano wa mayiko ambiri wolola kuyamba ndi pempho limodzi la patent, womwe South Africa inalowa mu 1999. Nayo iperekedwe mkati mwa miyezi 12 yomweyo. Sikupatsani patent ya dziko lonse lapansi, chinthu chotero kulibe, koma imakankhira chisankho cha mayiko mpaka miyezi 30, kwina 31, kuchokera pa deti yoyamba. Ubwino wake waukulu ndi lipoti la ofufuza enieni lonena ngati chinthu chanu chikuoneka chatsopano. Lipotilo likabwera loipa, mwapulumutsa ndalama zomwe mukanataya m'mayiko ambiri.

Chachisanu ndi chiwiri: dzina

Kasitomala wa pa spaza sadziwa SLES. Amadziwa dzina ndi mtundu wa botolo. Kulembetsa kampani ku CIPC sikuteteza dzina la katundu. Zimenezo ndi za Trade Marks Act, nambala 194 la 1993, pa fomu TM1.

Sankhani dzina losangofotokoza katunduyo. Mawu ongotanthauza kuti woyeretsa kwambiri kapena wathovu amakanidwa, chifukwa aliyense ali ndi ufulu wowagwiritsa ntchito. Lopeka ndiye lolimba. Musayandikire dzina kapena maonekedwe a Sunlight, Jik kapena Handy Andy poganiza kuti kusintha chilembo chimodzi n'kokwanira. Fufuzani kaye m'kaundula wa CIPC musanasindikize malebulo.

Katundu ndi ntchito zinagawidwa m'makalasi 45, ndipo kuno kalasi iliyonse imafuna pempho lake ndi ndalama yake. Makemikolo a m'mafakitale ndi feteleza ali mu kalasi 1, penti mu 2, sopo, zotsukira ndi zodzola mu 3, mafuta a makina mu 4, ophera majeremusi ndi tizilombo mu 5. Wopanga zotsukira zomwe zimaphanso majeremusi aganizire 3 ndi 5 pamodzi. Ntchitoyi imachedwa, kawirikawiri kupitirira chaka, ndipo dzina likalengezedwa pamakhala miyezi 3 yoti ena atsutse, koma chitetezo chimawerengedwa kuyambira tsiku lomwe munapereka fomu. Chimakhala zaka 10, n'kumawonjezeredwa mpaka kalekale. Dzina likakhala zaka 5 osagwira ntchito, wina akhoza kupempha kuti lichotsedwe. Podikira lembani TM. Kachizindikiro ka ® ndi ka olembetsedwa okha, kukaika msanga ndi mlandu. Ku Malawi dzinalo lilembetsedwenso palokha, kwathu komweko kapena kudzera ku ARIPO pansi pa Banjul Protocol.

Botolo la maonekedwe anuanu limalembetsedwa pansi pa Designs Act ya 1993, zaka 15 ngati ndi la kukongola, 10 ngati ndi la kagwiridwe ntchito, ndipo muli ndi miyezi 6 yokha mutalitulutsa. Lebulo silifuna kulembetsa, koma mnyamata amene munamulipira kuti akujambulireni logo amakhalabe mwini wake mpaka atasayina pepala lokupatsani umwini.

Chachisanu ndi chitatu: kusunga chinsinsi tsiku ndi tsiku

South Africa ilibe lamulo lapadera la zinsinsi za malonda. Khoti limateteza kudzera m'makontirakiti ndi malamulo oletsa mpikisano wachinyengo, ndipo limafuna kuona kuti inuyo munkachisungadi ngati chinsinsi. Fomula yomata pa khoma pafupi ndi sinki si chinsinsi.

Chitani chonchi. Makemikolo awiri kapena atatu amene ali mtima wa fomula muziwasakaniza nokha Loweruka, anyamata kulibe, m'chigubu cholembedwa kuti B. Pepala la wosakaniza lingonena kuti madzi makilo akuti, A makilo akuti, B makilo akuti, takasani mphindi zakuti. Zizindikiro zochenjeza za ngozi zikhalebe pa chigubucho, chifukwa chinsinsi si chifukwa choti munthu apse manja. Malisiti a komwe mumagula akhale kotsekedwa. Wantchito aliyense asayine za chinsinsi tsiku loyamba. Mfundo yoletsa munthu kukagwira ntchito kwa opikisana nanu imagwira kuno, kuyambira chigamulo cha mlandu wa Magna Alloys mu 1984, bola isakhale yopyola muyeso pa nthawi ndi dera.

Malamulo a makemikolo oopsa a 2021 amafuna kuti katundu wotere akhale ndi pepala la chitetezo, SDS. Zoopsa zonse zitchulidwemo, osabisa. Koma kasakanizidwe sikalembedwamo, ndipo milingo kawirikawiri imalembedwa ngati malire, osati nambala yeniyeni.

Musasokonezenso umwini ndi chilolezo chogulitsa. Feteleza ndi mankhwala a mbewu amalembetsedwa pansi pa lamulo nambala 36 la 1947, ophera majeremusi ku bungwe la boma la NRCS, mankhwala ochiza anthu ku bungwe la boma la SAHPRA, kaya muli ndi patent kapena ayi.

Mukapeza wokopera

Gulani botolo lake, tengani lisiti, jambulani shelefu, lembani deti ndi malo. Botololo musalitsegule, lisungeni. Musamuimbire foni mutapsa mtima, ndipo musamulembe pa Facebook. Gawo 70 la lamulo la patent limalola munthu amene mwamuopseza ndi mlandu popanda maziko kuti akusumireni inuyo. Kungomudziwitsa kuti patent nambala yakuti ilipo sikuwerengedwa ngati kuopseza, koma kalata yeniyeni ilembedwe ndi loya. Dziwaninso kuti miyezi 9 yoyambirira patent itangoperekedwa simungasume, pokhapokha khoti litalola. Pa lebulo muzilemba nambala ya patent, kuti wokopera asadzanene kuti sankadziwa pofuna kuzemba chipukuta misozi.

Ngati wakopera dzina ndi lebulo, njira yachidule ndi Counterfeit Goods Act, nambala 37 la 1997. Mumadandaula kwa apolisi kapena oyendera a boma mutanyamula satifiketi ya chizindikiro chanu, iwo amatenga chilolezo cha khoti n'kukalanda katunduyo. Kwa katundu wolowa kuchokera kunja, mukhoza kupempha a kasitomu a SARS kuti azimugwira pa chipata.

Khoti likhoza kuletsa wokoperayo, kulamula kuti apereke katundu wophwanya lamuloyo, ndi kuti akulipireni zomwe mwataya kapena ndalama yoyenera ya laisensi. Koma milandu ya patent ndi yodula ndipo imatenga nthawi. Ngati wokoperayo ali ndi magalimoto ndi misika yomwe inu simufika, yesani kukambirana naye laisensi. Mulembemo katundu wake ndi uti, agulitse dera liti, kwa zaka zingati, azikupatsani zingati pa lita, muziona mabuku ake kangati pa chaka, ndi kuti chigubu cha B chizichokerabe kwa inu chosakaniza kale.